Gitala Yothyoka ya Mayi Nsambo

6 Malichi

Azakhali okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani mukupezako bwino, ndipo mwendo uja wayamba kumvera. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka fumbi la m'chipinda chathu cha ntchito, chomwe chilibe zenera. Ndikanaimba foni, koma ndikudziwa kuti chifereni ziwalo lilime limakulemerani, ndipo mumapsa mtima munthu akamangoti "mwati bwanji?" Ndiye ndabwerera ku pepala. Dzanja lanu lamanja lija likadali lamphamvu, musanamizire.

Ndili ndi nkhani. Mukudziwa kuti ntchito yanga kuno ndi yodula ndi kulumikiza zithunzi za mavidiyo a maukwati ndi otsatsa sopo. Lachiwiri lapitali abwana athu analowa ndi kaseti yakale yomwe anaigula kwa wogulitsa ziwiya zakale. Ataiika m'wailesi, ndinamva gitala yanu isanathe ngakhale mizere iwiri. Iwo anafunsa ngati alipo akudziwa komwe kunathera mayi ameneyu, amene pachikuto anangomulemba kuti Mayi Nsambo. Nditanena kuti ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, onse anaseka, mpaka ndinawaonetsa chithunzi chanu chija muli ndi nsapato zazitali.

Abwana akufuna kupanga filimu ya moyo wanu. Osati ya mphindi zisanu ayi, filimu yeniyeni yoonetsa m'maholo. Akuti mukhala nyimbo khumi, ovina makumi awiri, ndi mtsikana wokongola wosewera ngati inuyo. Ine ndawauza kuti sindingayankhe m'malo mwanu.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu: mawu anu ovomera, zithunzi zija zili m'sutikesi ya pansi pa bedi, ndi nkhani yanu yonse kuyambira pomwe munagwira gitala koyamba. Kunyumba nkhani imeneyi simuikamba, ndipo ine ndakula ndikungotola nyenyeswa.

Kalatayi ndapatsa a dalaivala a basi ya m'mawa kuti akasiye kushopu kwa Bambo monga mwa nthawi zonse. Ndiyankheni msanga. Mundiperekere moni kwa Bambo.

Ndine mwana wanu,
Kamsomali

19 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ife kuno tadzuka, ngakhale msana ukundikumbutsa zaka zomwe ndakhala pa makina osokera. Ntchito ilipo, masiku ano ndi mayunifolomu a sukulu. Ukapeza mpata unditumizire singano za nambala 16 ndi mafuta a makina, a kuno ndi madzi okhaokha.

Kalata yomwe unalembera azakhali ako ndaiona. Ndikuyankha ndine, chifukwa m'nyumba muno wamkulu ndine ndipo wodwalayo ndikumusamala ndine.

Za filimuzo iwalako. Azakhali ako ndi munthu wodwala. Adokotala anati asamaganize kwambiri, ndipo zinthu zakale zimawakweza magazi. Sakufuna. Zithunzi za m'sutikesi zinadyedwa ndi njenjete, palibe choti nkuonetsa anthu.

Iwe unabadwa zinthuzi zitachitika kale. Sukudziwa kuti moyo wa m'mabandi unali wotani kwa munthu wamkazi masiku amenewo, ndiponso zomwe anthu ankanena tikamadutsa pamsika. Chilonda chikapola sachikanda. Banja lathu lavutika kuti lifike pomwe anthu akutipatsa ulemu, ndiye wina asabwere ndi kamera kudzavundukula zomwe tinasoka bwinobwino nkupinda.

Abwana akowo uwauze mwaulemu kuti zikomo. Oimba ndi ambiri m'dziko muno, akasankhe wina. Iwe gwira ntchito yako ya maukwati, ndi ntchito yabwino, anthu sadzasiya kukwatirana.

Sunandiuze ngati denga la chipinda chako analikonza. Undiuze.

Ndine,
Bambo ako

2 Epulo

Bambo,

Moni, ndipo pepani ndi msanawo. Singano ndi mafuta ndatumiza pamodzi ndi kalata ino. Denga analikonza, likungodontha pakona pomwe pali ndowa.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Sindikufuna kukuchitirani mwano, koma ndinalembera Azakhali, ndipo ndikufuna yankho la dzanja lawo. Ngati sakufuna, alembe okha mawu amodzi oti "ayi," ine ndisiya. Munthu amene anatukwana namwino ndi theka la pakamwa sangalephere kundikanira yekha.

Mudziwenso kuti kukana kwanu sikunaimitse kanthu. Nditawauza abwana kuti kunyumba akana, anangogwedeza mapewa. Anakafufuza mkulu uja anali mwini bandi yomwe Azakhali ankaimbamo, amene ankamutcha Kaputeni. Akadali moyo, ali ndi ndodo ya mutu wagolide ndi mano atsopano. Wabwera kuofesi kawiri, ndipo amakhala pampando wa abwana ngati wake. Akuti Azakhali anawatola ali mbuli, anawaphunzitsa kugwira gitala ndi iyeyo, ndipo nyimbo zonse za pakaseti ija anapeka ndi iye. Abwana akulemba zonse. Akuti dzina la mayiyo alisintha pang'ono kuti pasakhale mlandu, filimu ipitirire.

Ndiye onani, Bambo. Inu mukuti tikhale chete kuti tisunge ulemu, koma tikakhala chete nkhani ya mlongo wanu ikambidwa ndi munthu wina, ndipo amene adzadule ndi kulumikiza bodzalo ndi ineyo, ndi manja angawa. Usiku ndi usana ndizidzaona nkhope ya Kaputeni pa kompyuta akudya thukuta la Azakhali.

Muwawerengere kalata iyi, kapena muwapatse awerenge okha. Ndikudikira.

Mwana wanu,
Kamsomali

29 Epulo

Iwe Kamsomali,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa wandisangalatsa. Ndili moyo. Mwendo ukukoka, dzanja lamanzere lili gone ngati nsomba ya pamsika, koma mutu ukugwira ntchito kuposa mmene ena akufunira.

Loweruka ndinali pakhonde ndi wailesi. Ndinamva mawu omwe ndingawazindikire ngakhale ndili m'bokosi. Kaputeni. Amauza mtolankhani kuti kukubwera filimu ya mtsikana wosauka amene iye anamutola nkumusandutsa nyenyezi. Atatchula kampani yopanga filimuyo, ndinazindikira kuti ndi kuntchito kwako. Wailesi ndinaigwetsa ndi chigongono, ndipo sindikupepesa.

Ndiye wandigulitsa, mwana wa mlongo wanga? Miyezi iwiri osandilembera ngakhale mzere umodzi, ine nkumati mwana watanganidwa, osadziwa kuti uli kalikiliki kusenda khungu langa ndi munthu amene uja. Unalephera chiyani kundifunsa? Kapena nawenso wayamba kuganiza kuti pakamwa pakapotoka ndiye kuti nzeru zatha?

Kaputeni sanandiphunzitse kanthu. Munthu amene uja ankadziwa makiyi atatu a gitala, lachinayi ankalifunafuna ngati mbuzi yotayika. Chomwe anali nacho ndi galimoto ndi masipika. Akondwe lero, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndipo ndamva kuti mukhala magule. Ine mafilimu ndawaonera ambiri, mwana iwe. Tikafika m'tauni masana, anzanga akamakagona, ine ndinkalowa m'holo ya kanema. Aja oti munthu akugula tomato, mwadzidzidzi msika wonse wataya madengu nkuyamba kuvina mwadongosolo, ndinkatuluka asanathe. Ndani anavinapo ndi wogulitsa tomato? Mafilimu a oimba omwe anandigwira mtima munalibe zimenezo. Ina ndimaikumbukabe: bambo wachikulire akukwera masitepe a nyumba yosanja ndi chigitala chachikulu kumsana, kupuma pa sitepe iliyonse, atafika pamwamba nkupeza chitseko chokiya, dansi analepheretsa osamuuza. Anakhala pansi nkuvula nsapato. Ndinalira m'holo monse mpaka wogulitsa matikiti anabwera kudzandiona. Bambo wa masitepeyo ndiye anali woimba. Nyimbo ndi kachigawo kochepa, kwinako ndi kunyamula.

Kalatayi ndapatsa mayi wa pa sitolo ya mankhwala kuti akapereke yekha kwa a dalaivala. Ukafuna kuyankha, yankha kudzera kwa iyeyo. Ukapanda kuyankha ndidziwa kuti ndinalera mwana wa eni.

Azakhali ako

5 Meyi

Azakhali,

Moni. Kalata yanu ndinaiwerengera pa siteji ya basi, ndipo anthu ankandiyang'ana chifukwa ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi. Mwanditukwana bwino, ndipo ndasangalala, chifukwa tsopano ndadziwa kuti amene anakana si inu.

Sindinakugulitseni. Ndinakulemberani pa 6 Malichi kukupemphani chilolezo, zithunzi ndi nkhani yanu. Anayankha ndi Bambo, kuti simukufuna, kuti adokotala analetsa, ndiponso kuti zithunzi zinadyedwa ndi njenjete. Ndinalembanso pa 2 Epulo kupempha kuti mundikanire ndi dzanja lanu. Sipanabwere kanthu. Ine ndimaganiza kuti mwandikwiyira, inu mumaganiza kuti ndakutayani. Makalata awiriwo ali penapake kushopu, akafunseni eni shopuyo.

Ndaika m'envulopu muno masamba anayi a nkhani yomwe abwana alemba ndi Kaputeni. Ndawatenga mobisa, ndiye musawaonetse aliyense. Werengani tsamba lachiwiri. Akuti tsiku lomwe munkachoka pakhomo, mlongo wanu telala anakugulirani gitala yatsopano, anakusokerani diresi lonyezimira, nkukuperekezani kubasi akugwetsa misozi ya chimwemwe. Kenako makasitomala onse a m'shopu akudzuka nkuyamba kuvina ndi nsalu m'manja. Abwana akuti anthu amakonda banja logwirizana.

Ine sindikudziwa zomwe zinachitika tsiku limenelo, koma ndikudziwa kuti m'nyumba mwathu mawu oti gitala satchulidwa Bambo ali pomwepo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pomwe ndinafunsa, ndipo Amayi, akadali moyo, ananditsina pansi pa tebulo.

Ndiuzeni zoona, Azakhali. Mukandiuza, ndikalowa nazo muofesi ya abwana ndi kuwauza kuti mwiniwake wa nkhani alipo ndipo akulankhula. Mundiuzenso ngati mankhwala a magazi akadalipo.

Wanu,
Kamsomali

18 Meyi

Kamsomali mwana wanga,

Moni. Mawu aja oti mwana wa eni ndawabweza, unditayire kudzala. Mankhwala alipo.

Ndinapita kushopu. Unditenge ngati wamisala, koma ndinayenda ndekha ndi ndodo, ulendo wa mphindi khumi ndinauyenda ola lathunthu, kupumira pa mpanda uliwonse. Bambo ako atandiona pakhomo anaimitsa makina, nkhope ngati aona mzukwa. Munali makasitomala awiri. Ndinawapempha atuluke, ndipo ngakhale mawu anga amamveka ngati ndadzaza miyala m'kamwa, anamva. Makalata ako ndinawapeza m'kabati ya makina, pansi pa mabatani. Sanakane. Anangoti ankanditeteza. Ndinawafunsa kuti kwa ndani, iwo anayamba kutola mabatani.

Tsopano imva zomwe wapempha. Gitala yanga yoyamba ndinaigula ndekha nditagwira ntchito yochapa m'nyumba ya aphunzitsi chaka chathunthu. Ndinkaibisa kwa mnzanga, nkumaphunzira ndekha pomvera wailesi. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinaimba koyamba pa holo ya m'tauni mwathu, ndipo mawa lake nkhani inali ponseponse kuti mwana wamkazi wa m'nyumba yopemphera waimba pamalo a mowa. Nthawi imeneyo bambo ako anali pa chibwenzi ndi mayi ako, ndipo akuchikazi anayamba kunena kuti sangapereke mwana wawo ku banja lotere. Masana a Lachinayi anandiitanira kushopu, nkundiuza kuti ndibwere ndi gitala akufuna aione. Ine ndinapita ndikumwetulira, ndimati mlongo wanga akufuna kumva nyimbo. Anaitenga m'manja mwanga bwinobwino, anaikweza, nkuimenyetsa pa chitsulo cha makina. Kawiri. Kachitatu inali itatha kale. Anandiuza kuti ndisankhe, pakhomo kapena msewu. Ndinatola nsambo zokha, nkukwera basi ya madzulo omwewo. Sindinapondenso pakhomo zaka khumi ndi zinayi.

Nyimbo za pakaseti ija ndinapeka ndine, zonse zisanu ndi zitatu. Makope omwe ndinkalembamo ali m'sutikesi, ndi madeti ake. Njenjete sizinadye kanthu, zikuoneka kuti njenjete za m'nyumba muno zimayenda ndi miyendo iwiri.

Koma usathamange, pali chinanso. Tsiku lomwe ndinagwa m'chipinda changa cha lendi, anthu onse omwe ankandiombera m'manja sanaoneke. Amene anabwera ndi bambo ako. Anandinyamula kumsana kutsika masitepe a chipatala, munthu wa msana wovuta uja. Zaka zitatu tsopano amandiphikira, amandidulira zikhadabo, ndipo madiresi anga onse anawasokanso kuti ndizitha kuvala ndi dzanja limodzi. Za gitala ija sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi, inenso sindinatchule.

Ndiye ukawauze abwana ako mawu anga. Filimu ndikuifuna. Koma muikemo zonse ziwiri, dzanja lomwe linathyola ndi msana womwe unanyamula, chifukwa ndi za munthu mmodzi. Musaikemo magule. Mtsikana wokongolayo akasewere za ena, nkhope yanga yopotokayi ndi yomwe ionekere. Kaputeni akafuna kulowamo, alowe akunyamula masipika, ndiyo ntchito yomwe ankaidziwa. Akakana zimenezi, dzina langa ndi nyimbo zanga azisiye pomwe anazipeza.

Azakhali ako

30 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Singano zinafika, zikomo.

Azakhali ako sakundilankhula sabata yachiwiri tsopano. Chakudya amadya, koma mbale amaikankha ndi chala osandiyang'ana. Andiuza kudzera papepala zomwe anakulembera. Ndiye zonse ukuzidziwa.

Makalata ako ndinabisa, inde. Sindipepesa kwa iwe, chifukwa mwana saimika bambo ake pabwalo. Zomwe zinachitika m'shopu muno zinachitika ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Bambo athu anali atamwalira, amayi athu ankalira tsiku lililonse, akuchikazi anali atabweza mawu, ndipo aliyense ankayang'ana ine kuti mwamuna wa pakhomo achitepo kanthu. Ndinachitapo. Ukanakhala wosabadwa iwe ndikanapanda kutero, uziganizirenso zimenezo pomwe ukundiweruza.

Ndakhala m'tauni muno zaka zonsezi. Ana omwe ndinawasokera mayunifolomu lero akubweretsa ana awo. Kutchalitchi ndimakhala kutsogolo. Ukufuna anthu amenewa akakhale m'holo, akuseka ndi kutafuna chingamu, nkumaona telala wawo ngati chilombo? Zaka zitatu zomwe ndasamala mlongo wanga sizikukwana kulipira masana amodzi? Munthu alape kangati?

Ndikuuza mosapsatira. Ukabwera ndi kamera pakhomo pano, chitseko udzachipeza chotseka. Ukabwera wekha ngati mwana wanga, bedi lako lilipo monga kale. Usankhe.

Ndine,
Bambo ako

21 Juni

Bambo ndi Azakhali,

Moni nonse awiri. Ndalemba kalata imodzi dala, ndipo ndapempha mayi wa pa sitolo ya mankhwala kuti akuwerengereni muli pamodzi, kuti pasakhalenso kabati yomeza makalata. Pepani kuti ndachedwa kuyankha, zinthu kuno zinavuta.

Ndinalowa muofesi ya abwana ndi mawu a Azakhali. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkundifunsa kuti ndani angalipire tikiti kuti akaone mayi wodwala akulephera kumanga mabatani. Anati anthu amabwera kukanema kudzaiwala mavuto. Ndinawauza kuti nyimbo ndi za Azakhali, makope alipo, ndipo akazigwiritsa ntchito popanda chilolezo tikaonana kwa oweruza. Kaputeni anali pomwepo. Anandiloza ndi ndodo yake nkunena kuti ndine wamwano ngati azakhali anga. Ndinamuthokoza.

Mawa lake ndinapeza munthu wina atakhala pa kompyuta yanga. Ntchito yatha. Musadandaule, manja ndili nawo, ndipo maukwati ojambula pandekha sasowa. Filimu yawo ya magule akuti aipitiriza ndi nyimbo zina zomwe Kaputeni walonjeza kupeka. Tidzamva.

Mnzanga wojambula wandibwereka kamera ndi maikolofoni kwa masabata atatu. Ndikubwera Loweruka pa 28, basi ya m'mawa.

Bambo, mwandipatsa zoti ndisankhe, pakhomo kapena kamera. Mawu amenewo munawanenapo kale kwa munthu wina m'shopu momwemo, ndipo munataya mlongo zaka khumi ndi zinayi. Ine sindisankha. Ndikubwera ngati mwana wanu, ndipo kamera ili m'chikwama. Mukatseka chitseko ndidzakhala pakhonde, ndipo Azakhali adzandipeza pomwepo. Sindikubwera kudzakuchititsani manyazi. Inuyo sindidzakujambulani ngakhale chala popanda kuvomera kwanu. Koma mlongo wanu ali ndi ufulu wokamba za moyo wake, ndipo ine ndidzamumvera.

Mundiuze ngati pali choti ndikutengereni.

Mwana wanu,
Kamsomali

3 Ogasiti

Kamsomali,

Moni. Unafika bwino? Chichokereni iwe nyumba yakula, ndipo bambo ako abwerera ku tiyi wawo wopanda shuga wokwanira.

Kalata yako ya sabata yatha ndaiwerenga. Ukuti pa zonse unajambula, maola makumi atatu, ukusowa pothera filimu. Ndiye waganiza kuti ubwerenso udzatijambule ine ndi bambo ako tili pa benchi imodzi ndi gitala, iwo akudina nsambo ndi dzanja lamanzere, ine ndikukhwacha ndi lamanja, nyimbo nkutuluka. Ukuti anthu adzalira.

Ayi. Abwana ako aja anakuchotsa ntchito koma anakusiyira matenda awo. Zimenezo sizinachitikepo ndipo sizidzachitika. Bambo ako zala zawo ndi za singano, ndipo ine sindikufuna kubwereka dzanja la munthu kuti anthu andimvere chisoni. Ndinaimba zaka makumi atatu ndi manja anga awiri. Tsopano sindiimba. Filimu inene zimenezo, isanyengerere.

Uli nazo kale zokwanira. Uli ndi tsiku lija unafika, chitseko chili chotseka ndithu, iwe nkukhala pakhonde ndi chikwama chako kuyambira m'mawa mpaka pomwe bambo ako anatsegula dzuwa litapendeka, ine ndikukupatsira madzi pazenera. Sunajambule, koma ndinakamba pa kamera mawa lake, ndipo ndinakamba bwino. Uli ndi makope anga. Uli ndi ine ndikulimbana ndi chivindikiro cha botolo la mankhwala mphindi zinayi, usadulepo ngakhale pang'ono, ndinapambana. Ndipo uli ndi Lachisanu lija la sabata yachitatu, pomwe bambo ako, atakhala masiku onse akutizemba, anatulukira avala jekete la kutchalitchi nkukuuza kuti ubweretse chinthu chakocho kushopu.

Ine sindinalowe nawo, unaona wekha kuti ndinatsala panja. Koma khoma la shopu ndi lopyapyala. Ndinamva akukuonetsa chitsulo chomwe anamenyetsapo gitala. Ndinamva akunena kuti kamtengo kamodzi ka gitalayo kanagwera pansi pa kabati, anakapeza akusesa patapita mwezi, ndipo sanathe kukataya. Zimenezo sindinkazidziwa. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere. Titabwerera kunyumba anandifunsa ngati ndikufuna madzi osamba otentha kapena ofunda, ine ndinati otentha. Ndi mmene timalankhulirana ife.

Pothera filimu upeze pa zomwe zinachitika. Unditumizireko mabatire a wailesi, inayambanso kulira nditaimenya mbali inayo.

Azakhali ako

25 Ogasiti

Mwana wanga,

Moni. Tili bwino. Azakhali ako ayambanso kundilankhula, makamaka pondidzudzula.

Kalata yako yafika, ndipo ndaiwerenga ndekha m'shopu nditatseka chitseko. Ukuti filimu yatsala pang'ono kutha, ndipo eni holo ina yaing'ono avomera kuionetsa mwezi wa Okutobala. Ukutinso waganizira za ulemu wanga, ndipo ngati ndikufuna, ukhoza kuchotsa chigawo chonse cha m'shopu, kapena kubisa nkhope yanga ndi kusintha mawu anga kuti anthu asandizindikire. Wati chisankho ndi changa.

Kodi ukundiyesa ndani? Ndinavala jekete langa labwino, ndinapesa tsitsi, ndinakhala pa makina anga ndi kunena ndi pakamwa panga zomwe ndinachita. Sunandikakamize. Zaka makumi anayi ndi zinayi ndakhala ndi chinthu chimenechi pakhosi ngati fupa, ndiye lero nditachilavula iwe ukufuna undibwezere? Undibise nkhope ngati mbava ya pa nyuzi? Ine sindinasokepo chovala nkukana kuti si ine ndasoka, ngakhale chitakhala chokhota.

Usadule kanthu. Pomwe ndinasiya kulankhula nkukhala chete nthawi yaitali paja, pomwe ukuti pakutalika, pasiye momwemo. Dzina la ntchito yanga ulilembe pansi pa nkhope yanga, telala, mlongo wake wa Mayi Nsambo. A kutchalitchi akafuna kundichotsa kutsogolo, mipando ya kumbuyo nayonso ndi ya matabwa. Makasitomala akafuna kuthawa, apite, akaone ngati kuli wina wodziwa kuika zipi m'tauni muno.

Chinthu chimodzi chokha ukonze. Azakhali ako akuti pa kamera ananena kuti ndinamenyetsa gitala katatu. Kanali kanayi. Ndinali pomwepo ndipo ndinkawerenga. Iwo akukana, akuti mwini gitala ndi amene akudziwa. Takangana masiku awiri. Usiye mawu a aliyense mmene anawanenera, anthu akaweruze okha.

Tibwera pa basi ya m'mawa tsiku loonetsalo. Utisungire mipando iwiri, wa azakhali ako ukhale wa m'mphepete chifukwa cha mwendo. Wanga ukhale kutsogolo kwenikweni, pomwe aliyense wofuna kuona telala wothyola gitala angandione bwino magetsi akayaka. Ndidzakhala pomwepo mpaka womaliza atatuluka.

Ndine,
Bambo ako